Bwanji simunanene kuti ndinu mwana wa ahedi?

Batire limene ndinapatsidwa tsiku limenelo likuyatsabe mababu atatu kunyumba kwa amayi ku Namwera, choncho aliyense womva nkhaniyi mwachidule anganene kuti ndinapambana. Ndinadandaula ndipo dandaulo langa linamveka, zomwe sizichitika kawirikawiri kuno kwathu ku Mangochi. Komabe ndikamadutsa pakhomo pa sitolo ija ndimafulumiza mwendo, monga amachitira munthu amene anatola ndalama ya mnzake pamsika, mwini wake akuifunafuna pafupi pomwepo, iye n'kungoiponda ndi phazi.

## Batire la amayi

M'masiku oyambirira a Novembala 2023 ndinagula batire la sola pa sitolo ina ya pa boma. Amayi anali atatopa ndi makandulo ndi tochi, ndipo ine ndinali nditasunga ndalama kwa miyezi inayi, n'kuonjezerapo ngongole ya ku banki nkhonde. Mnyamata wogulitsa anagunditsa kachipangizo kake pa mitu iwiri ya batirelo, anandionetsa manambala amene sindinawamvetse, kenaka anati, "Ili ndi lenileni, mayi, zaka zitatu osalikhudza." Ndinapempha lisiti, ndipo popeza ndimagwira ntchito ya mapepala, ndinaumirira kuti alembepo dzina langa lonse.

Kumudzi, mwana wa achemwali anga anadontheza penti yofiira ya m'zikhadabo pafupi ndi mutu umodzi wa batirelo, kuti agogo ake asadzasokoneze mawaya akadzafuna kulisuntha. Kwa masiku anayi nyumba inawala mpaka anthu oyandikana nafe ankabwera kudzacheza pakhonde. Tsiku lachisanu mababu anayamba kufiira nthawi ya nsima ya madzulo, ndipo pofika sabata yachiwiri wailesi inkazima nkhani za madzulo zisanathe. Mmisiri amene anatiikira sola analiyesa dzuwa lili paliwombo, anapukusa mutu, n'kunena kuti batirelo silikusunga moto, ndipo linafa lisanafike m'manja mwathu.

Pakati pa tsiku logula ndi tsiku lobweza panachitika chinthu chimene tonse tikuchikumbukira. Pa 9 Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inkagulidwa pa K1,180 inafika pa K1,700. M'masitolo anthu anali kalikiliki kufufuta mitengo yakale, ndipo katundu yemweyo amene anagona pa shelefu usiku anadzuka ndi mtengo wina m'mawa.

## Abwana kulibe

Ulendo woyamba ndinapeza mnyamata yemwe uja, koma sanalinso munthu amene anandisekerera tsiku logula. Maso anali pa foni, ndipo nditafotokoza vuto langa analoza ndi mlomo chikwangwani chimene chinapachikidwa pamwamba pa kauntala, cholembedwa m'Chingerezi, chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Nditalimbikira anati abwana kulibe, apita ku Limbe kukapikula katundu, ndibwere mawa.

Aliyense amene anaimapo pa kauntala kapena pa zenera la ofesi akulidziwa "mawa" limeneli. Silitanthauza tsiku lotsatira. Limatanthauza kuti pitani mukatope, ndipo mukatopa mudzasiya nokha popanda wina kukukanirani.

Ulendo wachiwiri mlandu unali utatembenukira kwa ine. Mwina tinalumikiza mawaya molakwika, mwina kumudziko timaonerapo mafilimu usiku wonse, mwina ana analinyowetsa. Ndinabwerera nalo kunyumba pa kabaza, nditaligwirizira pamiyendo, likundidinda m'ntchafu. Batire lotere si katundu woyenda naye kawiri katatu m'dzuwa la Novembala la ku Mangochi, pamene phula limachita kutulutsa nthunzi ndipo ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto.

## Pabenchi

Ulendo wachitatu ndinapempha chilolezo kuntchito, ndinafika cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sindichoka mpaka nditaonana ndi mwini sitolo. Pakhonde pali benchi, ndipo ndinapezapo bambo ena achikulire, a zaka ngati 60, atavala kofia yoyera imene inali itasanduka yofiirira ndi fumbi la m'njira. Pakati pa mapazi awo panali thumba lomangidwa ndi linya, ndipo sindinafunikire kufunsa chimene chinali m'katimo.

Anachokera ku Makanjira. Anali atanyamuka kusanache pa lole ya matola, ndipo umenewu unali ulendo wawo wachiwiri pa nkhani yomweyi. Amene anayendapo mumsewu wa ku Makanjira akudziwa kuti ulendo umodzi wokha ndi chilango, nanga kuli bwanji iwiri, ndiponso woyendetsa lole amalipiritsa batire ngati munthu wina wokwera. Anandiuza m'Chichewa chosakanikirana ndi Chiyao kuti analigula kuti azitchajira mafoni a asodzi pa dooko, chifukwa msana sukuwalolanso kukoka makoka. Kunyanjaku mabatire akuyenda malonda kwambiri masiku ano, popeza ngakhale asiginala ambiri amene amaitana usipa usiku anasiya nyali za palafini n'kuyamba mababu a batire. Lawolo linali la mtundu womwewo ndi langa, logulidwa sabata yomweyo, ndipo matenda ake anali amodzimodzi.

Anatulutsa lisiti m'thumba la malaya kuti ndiwawerengere. Anali atalipinda kanayi n'kulikulunga m'kapepala ka pulasitiki ka shuga kuti lisanyowe ndi thukuta. Zonse zinali m'malo mwake: tsiku, mtengo, chidindo cha sitolo.

Tinakhala pamenepo maola anayi. Tinagawana chinangwa chootcha chimene ndinagula kwa mtsikana wodutsa, ndipo tinakambirana za mvula imene inkachedwa ndi mtengo wa feteleza. Mawu oitanira anthu ku swala ya masana atamveka, bambowo anaimirira, anakankhira thumba lija pafupi ndi mapazi anga, n'kunena kuti, "Mayi, mundionereko katunduyu, ndikaswali." Sanandifunse dzina ngakhale kumene ndimakhala. Anasiya m'manja mwa munthu amene anamuona koyamba m'mawa womwewo chinthu chimene anagulitsira mbuzi ziwiri, ndipo anapita osacheuka. Ine ndinaika phazi pa thumbalo mpaka anabwerako.

## Dzina la pa lisiti

Mwini sitolo anafika cha m'ma 2 koloko. Ndi munthu waulemu pomuona, wodziwika m'tauni muno, amene pamaliro sasowa ndipo chopereka chake chimalengezedwa. Bambo aja ndi amene anayamba kulowa, popeza anafika ine ndisanabwere, ndipo ine ndinaima kumbuyo kwawo.

Mwini sitoloyo sanakalipe. Ichi ndikufuna ndichinene momveka, chifukwa tikamakamba za kusalandiridwa bwino m'masitolo timaganiza za munthu wolalata. Iye analankhula mofatsa, ngati akulangiza mwana. Anati mabatire a kunyanja amafa msanga chifukwa anthu amawakama mpaka dontho lomaliza. Analoza chikwangwani chija, ndipo mnyamata anachimasulira m'Chiyao. Kenaka anafotokoza za dola: kuti mtengo wa tsiku limene bambowo anagula ndi wa lero ndi zinthu ziwiri zosiyana, kuti akawapatsa lina ndiye kuti wawapatsa batire ndi theka, ndiponso kuti kumene iye amapikula samubwezera kanthu katundu akapezeka woonongeka. Mbali ya zimene ananenazo inali yoona, ndipo kuona kwakeko ndi kumene kunachititsa kuti zikhale zovuta kuyankha.

Bambo aja anamvetsera mpaka pamapeto. Anapindanso lisiti lawo m'mizere yake yomweyo, analibwezera m'kapulasitiki, ndipo anathokoza. Anabwerera pabenchi, chifukwa lole yawo inali isananyamuke ndipo analibe kwina kodikirira. Chitseko chinali chotsegula, moti zonse zimene zinatsatira anaziona ndi kuzimva.

Kwa ine nyimbo inayamba chimodzimodzi. Anali atafika kale pa nkhani ya dola pamene anatambasula dzanja kutenga lisiti langa, mwina pofuna kundionetsa tsiku. Anayang'ana, anasiya chiganizo pakati, anakweza magalasi ake.

"Dzina ili, mayi, kwanu n'kuti?"

"Ku Namwera."

"Ahedi aja ankayenda pa njinga yakuda ya Humber, ndi ndani wanu?"

"Ndi bambo anga. Anatisiya."

Nkhope ya munthu uja inasintha ine ndikuona, ngati mmene nyanja imakhalira mwera ukaleka. Anavula magalasi, anatuluka kuseri kwa kauntala, anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Anayamba kufotokoza mmene anathawira sukulu ali Sitandade 6 kuti azikagulitsa nsomba, mmene ahedi anamulondolera pa njinga mpaka kwa amalume ake n'kumubweza m'kalasi khutu lili m'manja, ndi mmene anamulipirira ndalama ya mayeso kuchokera m'thumba mwawo. Ananena kuti masamu amene amawerengera katundu lero anawaphunzira pansi pa mtengo wa mango ahedi ataimirira ndi choko. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo sindikukayika kuti inali yeniyeni. Inenso yanga inalengeza, chifukwa panali patapita zaka ndisanamve munthu akukamba za bambo ngati kuti angotuluka kumene m'chipindamo.

Kenaka anatembenukira kwa mnyamata uja ndi ukali umene sindinauyembekezere. "Iwe, munthu ameneyu wabwera kangati?" Atamva kuti katatu anagwira m'mutu. "Aa, mayi, bwanji simunanene kuti ndinu mwana wa ahedi? Mwana wa ahedi kukhala pabenchi ngati mlendo!"

Anandikokera mpando, anatuma mwana kukagula Fanta wozizira, ndipo anauza mnyamata kuti abweretse batire lina. Mnyamatayo atatambasula dzanja kulunjika pa shelefu, abwana ake anamuletsa. "Ayi, osati amenewo. Katenge a kuchipinda."

Mawu amenewo ndi amene sanandichoke m'makutu. Nkhani yonse ya dola, ya ku Limbe, ya anthu a kunyanja okama mabatire, inagwera pansi ndi mawu ochepawo. Munthu uja ankadziwa kuti m'sitolo mwake muli mabatire a mitundu iwiri, a pa shelefu ndi a kuchipinda, ndipo ankadziwanso kuti makasitomala ake ali mitundu iwiri.

## Mawu amene sindinanene

Funso linali pakhosi panga, ndipo linali lalifupi: nanga bambo ali panjawa? Panalibe nthawi ina yabwino yolifunsira kuposa imeneyo. Munthuyo mtima unali utafewa, dzina la bambo anga linali lidakali pakamwa pake, ndipo ndikanatha kumukumbutsa kuti ahedi amene akuwatamandawo sanafunse kuti mwana wothawa sukuluyo ndi wa kwa yani asanakwere njinga kukamutenga.

Sindinanene kanthu. Ndinaganiza za ngongole ya ku banki nkhonde imene ndinali ndisanayambe kubweza. Ndinaganiza za amayi atakhala mumdima. Ndinaopa kuti ndikatambasula chifundo chimene ndachitiridwa kuti chifunditse anthu awiri chikhoza kung'ambika, tonse n'kutsala pamtunda. Komanso, ndivomereze, zinali zokoma kukhala pampando ndi botolo lozizira m'manja pambuyo pa masiku atatu onyozeka, ndipo sindinafune kuononga kukomako.

Potuluka, wa kabaza ankavutika kukweza batire latsopano lija, ndipo amene anadzuka kudzamuthandiza anali bambo aja. Anagwira mbali imodzi, analikhazika bwino, anamasula linya lina pa thumba lawo n'kumangira langa kuti lisagwe m'njira. "Mwachita mwayi, mayi," anatero. M'mawu mwawo munalibe nsanje ngakhale kudandaula, ndipo zikanakhala bwino mukanakhala. Ine ndinati zikomo, bambo, muyende bwino.

Madzulo amenewo ndinadutsa pa chipilala chakale cha wotchi chija, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi kupita nalo kwa amayi. Kutsidyako msewu umagawikana: wina umakwera mapiri kulowera ku Namwera ndi ku Chiponde, wina umatsata nyanja kudzera ku Malindi mpaka ku Makanjira. Ndadutsa pamphambano imeneyo kosawerengeka chibadwire, koma tsiku limenelo ndinayang'ana kumbali.

## Lamulo lilipo

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti bambo aja sankapempha chifundo. Chimene anabwerera chinali chawo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, ndiponso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la mu 1998, limene linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Bungwe la boma lolandira madandaulo a ogula la Competition and Fair Trading Commission lakhala likunena mobwerezabwereza kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa n'zosaloledwa, ndipo wogulitsa sangabisale kuseri kwa chikwangwani pamene wagulitsa chinthu chakufa. A John Kapito a bungwe loimira ogula la CAMA takhala tikuwamva pa wailesi kwa zaka zambiri akulankhulira ogula, ndipo chaka chilichonse pa 15 Malichi pamakhala zochitika zokumbukira ufulu wa ogula.

Zonsezi ine ndinkazidziwa nditakhala pabenchi paja, koma sizimene zinandipatsa batire. Lisiti langa linagwira ntchito, inde, koma osati ngati umboni wakuti ndinagula. Linagwira ntchito ngati kalata yondidziwikitsa kuti ndine mwana wa yani. Lisiti la bambo aja linali ndi chidindo chomwecho, ndipo ndalama za K2,000 zimene anawerenga pa kauntala paja zinali ndi nkhope ya John Chilembwe monga zanga, koma dzina lawo silinakumbutse aliyense za mtengo wa mango.

Likulu la bungwe la boma lolandira madandaulo lija lili ku Lilongwe. Munthu wa pa dooko amene sawerenga Chingerezi, amene ulendo umodzi wa ku boma umamudyera phindu la masabata, sangayambe kulondola njira yotero chifukwa cha batire limodzi, ndipo wogulitsa amadziwa zimenezi bwino lomwe. Makolo ankati mlendo ndi mame, potilangiza kuti timusamale chifukwa sakhalitsa. M'masitolo ena mwambi womwewo anautembenuza: mlendo ndi mame, musiyeni pabenchi, dzuwa likakwera auma yekha.

## Kudziwana kumene kumatidyetsa

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa n'kosavuta kutukwana kudziwana utakhuta zipatso zake. Ine moyo wanga wonse wayenda pa kudziwana. Mayi amene ndimagulako usipa kumsika amandithirira basela ndisanapemphe, ndipo mwezi ukafika pakati amandipatsa ndiwo n'kunena kuti ndidzapereka ndikalandira, popanda kulemba paliponse. Wa kabaza amene amanyamula mwana wanga kupita kusukulu ndimamulipira pakutha pa mwezi, ndipo tsiku lina mwanayo atatentha thupi m'kalasi anamutengera yekha kuchipatala asanandiimbire foni. Mabanja ambiri a m'boma lino ali ndi wina ku Joni, ndipo katundu ndi ndalama zakhala zikuyenda ulendo wautali wonsewo m'manja mwa madalaivala ndi anzawo a pamudzi, chikole chake chili dzina la munthu basi. Bambo atamwalira, anthu amene sindinkawadziwa anabwera ndi ufa, nkhuni ndi nkhuku, ponena kuti anali ana awo a sukulu.

Choncho sindinganene kuti tisiye kudziwana tizikhala ngati anthu ongokumana pa depoti. Kumene mabanki sakongoza munthu wamba ndiponso khoti lili kutali, kudziwana ndiye nkhokwe imene timathawirako njala ikavuta.

Vuto lili pakuti tinatenga chinthu chimene munthu walipira kale n'kuchiika m'gulu la mphatso. Basela ndi mphatso, ndipo mayi wa usipa ali ndi ufulu wopatsa amene wamukonda. Koma mulu umene ndalipira si mphatso, ndipo batire logwira ntchito si basela. Tikasokoneza ziwirizi, wogulitsa amayamba kuona ngati akutichitira chisomo potipatsa chimene tagula, ndipo ife timayamba kuthokoza mogwada pa chinthu chimene ndi chathu. N'chifukwa chake munthu asanapite ku ofesi iliyonse amayamba wafunsa kuti, kodi kumeneko tikudziwako ndani? Sayamba wafunsa kuti pakufunika mapepala anji.

Kudziwana komweko ndi kumene kumatitseka pakamwa. M'tauni ngati ino, amene wakugulitsa nyama yosakwana pa sikelo mudzakumana naye pamaliro Loweruka, mkazi wake ali m'gulu limodzi la banki nkhonde ndi mlamu wako, ndipo mwana wake amakhala desiki imodzi ndi wako. Ukakweza mawu, nkhani imene imayenda si yakuti sikelo ndi yobera, koma yakuti mayi uja ndi wovuta, sukulu inamulowa m'mutu. Ndiye timameza, n'kumati zimachitika, tikatero timakadandaulira kunyumba kwa anthu amene sangasinthe kanthu. Wodziwika sadandaula chifukwa akuopa kuononga ubale, mlendo sadandaula chifukwa palibe womumvera, ndipo chikwangwani chimakhalabe pamwamba pa kauntala.

## Pa zenera langa

Ndanena kuti ndimagwira ntchito ya mapepala. Pa ofesi yathu pali zenera limene anthu amaima pamzere, ndipo pali khomo la kumbali limene mwalamulo ndi la ogwira ntchito okha. Kwa zaka zonsezi sindinaonepo chachilendo pa anthu olowera khomo limenelo: mnzanga wa kutchalitchi, mphwake wa mnzanga wa kusukulu, munthu amene amalume aimba foni kuti ndamutuma kumeneko, umuthandize. Ndinkati ndi umunthu. Sindinkawerenga kuti aliyense wolowera kumbali amabweza m'mbuyo mzere wonse wa panja, ndipo kumapeto kwa mzerewo nthawi zambiri kumakhala munthu wa fumbi m'mapazi amene galimoto yake yobwerera imanyamuka masana.

Lolemba lotsatira nkhani ya batire, azakhali ena a kutchalitchi analowera khomo la kumbali ndi envelopu yawo, akumwetulira. Ndinawalonjera mwaulemu wonse, ndinawapatsa mpando, ndipo ndinawauza kuti ndiwathandiza ndikamaliza anthu asanu ndi mmodzi amene anali pa zenera. Anadikira, koma Lamulungu ziwiri zotsatizana sanandiyankhe moni, ndipo uthenga unakafika mpaka ku Namwera wakuti mwana wa ahedi wayamba kudzimva. Amayi anandiitanitsa n'kundifunsa ngati ndaiwala amene anaphika pa maliro a bambo. Funso limenelo linalibe yankho lophweka, ndipo mpaka lero sindinalipeze.

Sindinama kuti kuyambira pamenepo khomo la kumbali linatsekeka. Pali masiku amene foni imachokera kwa munthu amene sindingathe kumukanira, ndipo ndimagonja. Chimene chinasintha n'chaching'ono. M'mawa ndisanayambe ntchito ndimatuluka n'kufunsa pamzere kuti amene achokera kutali ndani, ndipo a ku Makanjira, a kwa Katuli ndi a kwa Nankumba ndimayesetsa kuti achoke dzuwa lisanapendeke. Mnzanga wina wa mu ofesi amandiseka kuti kumenekonso ndi kukondera, kungoti ndasintha okonderedwa. Mwina akunena zoona. Ndinasiyanso mawu akuti mubwere mawa pamene ndikudziwa kuti mawalo palibe chidzasinthe. Ngati pepala likusowa ndimanena kuti likusowa, ngati chinthu sichitheka ndimanena tsiku lomwelo, munthu asawonongenso ndalama ya ulendo wina. Nkhope ya bambo aja ndimaiyang'ana pamzere uliwonse.

## Kadontho kofiira

Patapita miyezi itatu babu limodzi la kwa amayi linapsa, ndipo ndinalowanso m'sitolo muja. Mwini wake anandilandira ndi manja awiri, anafunsa za amayi, anafunsa ngati batire likugwira bwino ntchito. Mnyamata uja anaika foni pansi n'kuimirira.

Pamene ankafunafuna babu, maso anga anapita pa shelefu. Panali mabatire asanu opukutidwa bwino, aliwonse ndi kapepala ka mtengo watsopano. Lachiwiri kuchokera kumanzere linali ndi kadontho kofiira ka penti ya m'zikhadabo pafupi ndi mutu wake.

Ulendo uno ndinalankhula, ngakhale mawu anatuluka otsika kuposa mmene ndinkafunira. "Achimwene, batire ilo ndikulidziwa. Ndi lija ndinabweza."

Anayang'ana pa shelefu, anayang'ana ine, kenaka anaseka pang'ono ngati munthu amene wagwidwa akubudula nsima ya mwana. "Limenelo si lanu, mayi, musadandaule nalo. Inu mukadzafuna lina mudzangondiuza ine."

Ndinamuuza kuti si za ine, ndi za amene adzaligule. Ndinamukumbutsa za bambo a ku Makanjira amene tinali nawo tsiku lija. Anakwinya pamphumi poyesa kukumbukira, ndipo ndinaona kuti sakunamizira, sanawakumbukiredi. Komabe, mwina chifukwa cha ahedi, anauza mnyamata kuti alitsitse. Mnyamatayo analinyamula n'kuliika pansi pa kauntala, pafupi ndi mapazi ake, kapepala ka mtengo kadakali pomwepo.

Babu lija anakana kuti ndilipire. Ndinaumirira kamodzi, iye anabweza dzanja langa, ndipo ndinaliika m'chikwama n'kutuluka.